Ndaona Nawe

Lolemba, 3 Malichi

Tayamba za mankhwala, pa sukulu ya ogwira ntchito pa ambulansi kuno ku Bloemfontein. Masabata anayi, kenako mayeso a manja pa 28. Ndikalephera, basi. Kuntchito anandilola kudzaphunzira kamodzi kokha, anachita kulemba m'kalata. Ndibwerera ku Zastron, kuchiwongolero ndi kunyamula machira mpaka msana udzakane.

M'kalasi tilipo 19. Aphunzitsi, Mayi Plaatjie, akuti khalani awiriawiri. Ana aja anangogwirana ngati anapangana dzulo. Ndinatsala ine. Zaka 44, zaka 16 pa ambulansi, ndili chilili pakati pa kalasi ngati mbuzi yosagulidwa pamsika. Kamohelo, uja wachangu pa masamu ndi pakamwa pomwe: "Azakhali akhale ndi Bambo Chete, ndi a msinkhu umodzi." Bambo Chete ndi chidole chathu chophunzirira, cha pulasitiki, mkono wonse mabowo a singano. Ndinaseka nawo. Ndikanatani?

Lamulo la lero. Kabotolo ka mankhwala kamawerengedwa katatu, mokweza: pochotsa m'chikwama, pokoka m'jakisoni, ndi usanabaye. Dzina, mphamvu yake, tsiku lothera ntchito. Kenako upatse mnzako awerengenso ndi maso ake, anene kuti "ndaona nawe". Popanda mawu amenewo subaya munthu.

Mnzanga, Bambo Chete, salankhula.

Lachitatu, 5 Malichi

Lero ndasangalala, ndisaname. Ulendo wa mankhwala m'thupi. Kulowa, kufalikira ndi magazi, chiwindi chiwaphwanye, impso ziwataye. Piritsi limadzera msewu wautali, m'mimba, m'chiwindi, pofika lachepa. Jakisoni wa mumnofu amafulumirako. Wa mumtsempha alibe pokhotera. Mayi Plaatjie: "Mukakankha mwakankha. Magazi sabweza chenji."

Zaka zonsezi ndimaona munthu akutsitsimuka pa machira osadziwa zimene zikuchitika m'kati. Lero wina wanditsegulira zenera.

Masamu ndiwo amandichedwetsa. Mwana wa makilo 20, 0.01 pa kilo, yankho 0.2. Ndinapeza, koma anzanga atafika kale pa funso lachinayi. Kadontho kakangosuntha malo amodzi, mwana wampatsa kakhumi. Ndinalemba zimenezo pakhoma pamwamba pa bedi.

A Letuka akanandiseka lero. Zaka khumi ndi chimodzi galimoto imodzi, iwo wa mankhwala, ine woyendetsa ndi wowapatsira zida. Fomu ya sukulu ino anachita kundidzazira okha pa boneti, ine ndikukana. "Moipone, ufuna ukalambe ukuliza belu la ambulansi?" Anamwalira mu Ogasiti, yankho la fomuyo lisanabwere.

Mvula ya mabingu masana. Denga la chipinda chino likudontha pafupi ndi chitseko. Ndaikapo poto.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndilembe, poti bukuli siliuza munthu.

Tizilembo ta pa kabotolo sinditiona.

Chaka chachitatu tsopano. Patali ndilibe vuto, ng'ombe ili pamsewu wa ku Rouxville ndimaiona ena asanaione. Ndi pafupi pamene panafa. Mabuku ndimawerenga nditatambasula mkono, pafupi ndi zenera. Muno ndimalemba zilembo zazikulu ngati mwana woyamba sukulu. Koma kabotolo ndi kochepa ngati chala chaching'ono, galasi loonekera, zilembo ngati mapazi a nyerere. Mkono sufika.

Ndiye ndimadziwa bwanji? Dzanja limadziwa. Adirenalini: thumba lakumanzere, mzere woyamba, kamzere kachikasu pakhosi pa kabotolo. Atiropini: mzere wachitatu. Zaka 16 chikwama chomwecho, dongosolo lomwelo. Ndikhoza kutulutsa chilichonse nditatsinzina.

Chiphaso changa choyendetsera ambulansi chikutha mu Juni. Pokonzanso amayeza maso. Akangolemba penapake kuti Moipone saona, nditaya sukulu ndi chiwongolero chomwe. Ndiye chete.

Tsiku lina a Letuka anandipeza nditatalikitsa pepala. "Ndikubwereke mkono wanga? Ndi wautaliko." Sindinawalankhule masiku awiri. Sanabwerezenso.

Lamulungu, 9 Malichi

Tsiku lalitali. Eni nyumba apita ku tchalitchi, atseka geti, galu yekha ndi ine. Magwinya, mandasi a kuno, awiri a pangodya, mafuta okhaokha, ndi tiyi.

Tselane anaimba. Mphindi zinayi. Sukulu ili bwino, azakhali ake ali bwino, nsapato yang'ambika. "Amayi, mwapeza anzanu?" Ndinati ambiri, mpaka kusowa nthawi. Mwana wanga akulemba mayeso omaliza chaka chino, sindingamsenzetse zanga.

Pa gulu la pafoni la kalasi aika zithunzi. Anakumana dzulo kwa wina, mabuku pansi, nyama pamoto. Sanandiitane. Si oipa ayi. Anangoiwala, monga umaiwalira mpando.

Ndapeza nzeru. Pa nthawi yopuma ndimajambula timabotolo ndi foni, ndikafika muno ndimakulitsa chithunzi ndi zala. Ndaloweza zonse, ndi masiku othera ntchito omwe. Foni salola m'mayeso. Ndipo pamsewu, magolovesi ali magazi, munthu akubanika, udzati dikirani ndijambule? Ndikudziwa. Ndikudziwa.

Ndayeserera mokweza, mpando uli patsogolo panga. "Adirenalini, miligiramu imodzi mu mililita imodzi." Kenako ndadziyankha ndekha ndi mawu okhuthala. Galu anauwa.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndawapha Bambo Chete.

Mayeso oyeserera. Nkhani yake: bambo walumidwa ndi njuchi, nkhope yatupa, kukhosi kukutsekeka. Izi ndazionapo kambirimbiri m'mafamu. Adirenalini, theka la miligiramu, pantchafu. Sindinachedwe. Dzanja kumanzere, mzere woyamba, kamzere kachikasu. Ndinakweza kabotolo kumaso ngati ndikuwerenga, n'kunena mokweza, katatu konse, mawu osanjenjemera. Wondiyankha panalibe, ndiye ndinakoka, ndinabaya.

Mayi Plaatjie anandisiya mpaka nditamaliza. Kenako anatola kabotolo kaja m'mbale, kupatsa Kamohelo. "Tawerengerani kalasi." Atiropini.

Anasintha dala dongosolo la chikwama. Akuti makampani amasintha mitundu mmene afunira, chikwama chimalongedzedwa ndi munthu wotopa, ndipo awiriwa amafanana ngati mapasa. Wodwala wanga akanafa akubanika, mtima ukuthamanga, ine ndikudikira kuti mankhwala agwire.

"Mayi Moipone, mwawerenga m'mutu, simunawerenge pa galasi. Ana awa sadziwa kanthu, n'chifukwa chake amawerenga. Inu mumadziwa kwambiri."

Palibe anaseka pomwepo. Zinali bwino akanaseka. Potuluka Kamohelo anafunditsa Bambo Chete nsalu mpaka kumutu, navula chipewa. "Pepani azakhali, maliro a amuna anu ndi liti?" Apo ndiye anaseka.

Ndayenda wapansi mpaka kuno. Sindinafune kukhala pafupi ndi munthu mu minibasi.

Lachinayi, 13 Malichi

Sindinapite. Mutu, ndinatero pafoni. Bodza.

Loweruka, 15 Malichi

Ndikuchapa m'mawa, chinthu chinangondibwerera.

Chaka chatha, mwezi wa Febuluwale, pafamu ina kuseri kwa phiri. Mayi wokolola, njuchi zomwezo. A Letuka atagwada pa fumbi anati adirenalini. Ndinawapatsa. Anawerenga monga ankachitira nthawi zonse, koma sananene kanthu. Anaika kabotolo kaja m'thumba la malaya, natambasula dzanja okha m'chikwama, natenga kena. Mayiyo anachira. Pobwerera tinagula chimanga chootcha, tinakamba za mpira. Ine ndinkaganiza kuti kaja kanali kong'aluka.

Ndakhala pa ndowa, manja ali thovu, kuwerenga. Pafamu paja. Kwa agogo a shuga aja ku Matlakeng. Mwina ndi pa ngozi ya basi. Katatu kamene ndikukumbukira. Nanga kamene sindikukumbukira?

Ankadziwa. Chilichonse chochoka m'dzanja langa ankachiwerenga pang'onopang'ono, chala pansi pa zilembo. Ndinkawanena kuti ndi ochedwa, a mwambo ngati m'busa. Kani ankandiphimba.

Ndakwiya nawo. Bwanji osandikalipira? Bwanji osandigwira pakhosi n'kundikokera kwa dokotala wa maso? Kenako ndakumbukira za mkono zija, masiku awiri a tsinya aja.

Tsiku limene a Letuka anagwa m'dimba mwawo ndine ndinayendetsa ambulansi yokawatenga. Mphindi zisanu ndi ziwiri. Sindinathamangepo choncho. Tinapeza zatha kale.

Zovala ndaziyanika zosatsukuluza.

Lachiwiri, 18 Malichi

Mayi Plaatjie anandiitanira mu ofesi. Anatseka chitseko, anandithirira tiyi. Ndi wamng'ono kwa ine, mwina ndi zaka zisanu, koma ndinakhala pamphepete pa mpando ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Akuti pa zolemba ndili bwino, masamu akubwera. Akuti manja anga ndi abwino kuposa a wina aliyense m'kalasimo. "Ndiye vuto n'chiyani? Chizungu? Mantha? Ndiuzeni, ndikuthandizeni." Ndinati ndinangopupuluma, sizichitikanso.

Iwo anati: "Wosadziwa sindimuopa, amafunsa. Ndimaopa wobisa." Akuti pa 28 wolakwitsa mankhwala walephera pomwepo, ngakhale zina zonse atakhoza. Ndipo poti ndilibe mnzanga, wowerenga nane adzakhala iwo.

 Ndinamaliza tiyi, ndinathokoza, ndinatuluka.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndinaima pakhomo pa sitolo yoyeza maso m'tauni. Mtsikana wa m'katimo anamwetulira, "Lowani mayi, tikuthandizeni." Ndinati ndikufuna kumene amagulitsa nsapato za sukulu.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amayi anga ankakonda kunena zimenezo, ndipo ankandiyang'ana ine.

Mawa ndi holide. Ndikupita kwathu.

Loweruka, 22 Malichi, Zastron

Tselane watalika, kapena ndine ndafupika. Anandikumbatira, anadya nane, kenako anzake anamuitana. Ndi msinkhu wake. Ndinatsala ndi mbale.

Masana ndinapita kwa amake Palesa, akazi a malemu a Letuka. Chiikireni maliro sindinapondeko, miyendo inkakana. Dimba lija alisiya, maungu angoyanga okha mpaka pa waya. Anandilandira ngati ndinachoka dzulo. "Wa ku sukulu uja! Ndimati mwina Bloemfontein yakumeza."

Sindikudziwa chinanditsegula pakamwa n'chiyani. Mwina chipewa cha malemu chimene chikadali pa msomali. Ndinanena zonse. Za Bambo Chete, za famu ija, za tizilembo. Munthu woyamba kumuuza. Ndinalira mpaka mamina, ine amene sindinalire pa manda.

Iwo anaseka. Kuseka kwenikweni, atagwira m'mimba. Analowa kuchipinda, ndinamva akukoka madirowa, natuluka ndi kabokosi kakuda.

Magalasi owerengera. Atsopano, kapepala ka sitolo kakadali pa mwendo wake. Akuti malemu anagula zaka ziwiri zapitazo ku sitolo ya mankhwala, atayesa pa mchemwali wawo wa msinkhu wanga. Anayenda nawo m'chikwama cha chakudya miyezi ingapo, kulephera kundipatsa. Kenako anawasiya kunyumba. "Anati, Moipone ukamupatsa asanafunse akaponya mumtsinje. Usunge. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Ndinati ndimaopa za chiphaso. "Iwe, usandinamize ine. Theka la oyendetsa m'tauni muno amavala magalasi, walandidwa ndani? Ukuopa kukalamba basi. Takulandira, tilipo ambiri."

Ndi zoona. Za chiphaso ndinkangobisalirako.

Sindinawavale pamaso pawo. Anandipatsa dzungu, ndanyamula.

Lachiwiri, 25 Malichi

Ndawavala. Muno, chitseko chokhoma, katani wotseka, ngati ndikuchita za ufiti.

Ambuye! Zilembo zili ndi m'mphepete. Pa paketi ya tiyi pali nkhani yonse imene sindinkadziwa kuti ilipo. Ndawerenga paketi ya mchere, ya sopo, risiti ya minibasi. Ndaona manja anga. Ndaona imvi pa kalilole, si zitatu monga ndinkanenera. Dzina langa kwathu limatanthauza wodziona. Lero ndiye ladzakwanira.

Ndi aakulu pang'ono, amatsetsereka pamphuno. Ndikuoneka ngati mlembi wa mpingo.

M'kalasi anakhala m'chikwama tsiku lonse. Ndinagwira kabokosi kawiri. Kamohelo anali pafupi.

Lachinayi, 27 Malichi

Lero magalasi sanatulukenso. Ndine chitsiru cha mtundu wanji? Kuopa kamwana kamene sikanagwirepo dzanja la munthu akutsirizika.

Koma si iye yekha. Ndikawavala mawa, Mayi Plaatjie adziwa kuti ndinawanamiza mu ofesi muja, tiyi wawo ali m'manja. Adziwa kuti tsiku lija ndinkanamizira kuwerenga. Adzafunsa kuti kwa zaka zingati. Akhoza kulembera kuntchito.

Ndikapanda kuvala, ndidzalota. Mwina ndidzalota bwino. Kenako adzandipatsa chikwama changachanga, ndi ambulansi, ndi munthu weniweni, ndipo kumbali kwanga sikudzakhala a Letuka.

Ndaphika dzungu lija. Lambiri kwa munthu mmodzi. Ndapatsako eni nyumba, anadabwa kuti ndimalankhula.

Yunifolomu ndasita.

Lachisanu, 28 Malichi

Ndinali womaliza, wa nambala 19. Maola atatu pa benchi, ena akutuluka akuseka, wina akulira. Atanditchula ndinaima pakhomo, ndinatsegula kabokosi, ndinavala. Kamohelo anali pa benchi, akudikira zotsatira. Anatsegula pakamwa. Ndinamuyang'ana pamwamba pa magalasi, monga a Letuka ankayang'anira oledzera. Anatseka.

Bambo Chete adya mtedza, milomo yatupa, mpweya ukulira. Dzanja langa linathamangira kumanzere, mzere woyamba, kamzere kachikasu. Ndinakweza. Ndinawerenga. Atiropini. Ndinanena mokweza, ndinabweza. Kachiwiri: adirenalini, miligiramu imodzi mu mililita imodzi. Ndinatsala pang'ono kuthyola khosi la kabotolo kuti nditsegule. Pansi penipeni, tizilembo tochepetsetsa: kanatha ntchito mu Januwale. Ndinaika pambali. Kachitatu kanali kabwino. Ndinawerenga, ndinapereka kwa Mayi Plaatjie, ndinati werengani nane.

Anawerenga. "Ndaona nanu."

 Chichokereni Ogasiti palibe anandiyankhapo. Ndinakoka theka, ndinawerenganso, ndinaonetsa, ndinabaya pantchafu, ndinalemba nthawi. Bambo Chete apulumuka.

Nditamaliza sindinadikire kuti afunse. Ndinati tsiku lija sindinapupulume, sindinkaona, ndipo ndinakunamizani. Anati, "Ndinadziwa pa tsiku lachitatu, mmene munkatambasulira mkono. Ndimadikira kuti munene nokha." Kani dziko lonse linkadziwa, ine ndekha ndikubisa mutu ngati nkhwali matako ali pamtunda. Akuti Lolemba ndikayezetse maso bwinobwino, ndibweretse kalata, apo ayi sindikwera ambulansi ya sukulu. Za bodzalo akuti tidzakambirana, ndipo sizidzakoma.

Koma ndakhoza.

Ana apita kokasangalala, ndinawamva akupangana pa geti. Mmodzi anacheuka, "Azakhali, tiyeni!" Mochedwa, minibasi yawo itayamba kale kuyenda. Ndinangokweza dzanja.

Tselane foni yake ndi yozima, ali m'kalasi mpaka madzulo. Amake Palesa sayankha, mwina ali ku msonkhano wa amayi. Nambala ya a Letuka ikadali mufoni. Ndinaiyang'ana. Tsopano ndikutha kuiona bwinobwino.

Ndafika muno dzuwa likadalipo. Magalasi anali ndi thukuta, ndiye ndinasolola kansalu kopukutira kamene kali pansi pa kabokosi. Sindinakachotsepo chilandirireni. Pansi pake kapepala, kopinda kanayi. Dzanja la a Letuka. Zilembo zochepa kuposa za pa kabotolo, anachita dala nkhalamba ija, kaya zinawatengera nthawi yaitali bwanji.

Wodwala: Moipone.
Matenda: zaka, ndi mwano.
Mankhwala: magalasi.
Mlingo: pamphuno, nthawi iliyonse wagwira kabotolo.
Tsiku lothera ntchito: palibe.
Ngati ukuwerenga izi ndiye kuti wavala. Wachedwa, koma wafika. Ndaona nawe.

Ndawerenga katatu, mokweza, monga mwa lamulo. Kenako ndangopezeka ndatambasula dzanja kumanzere, kumene ankakhala mu ambulansi, kuti awerenge nane.